Thumba la boma la California likabooka: mafunso ndi mayankho pa ndalama zothandizira anthu aulumali

Bwanamkubwa wa California akangolengeza kuti ndalama za boma zaperewera, mafoni a magulu a makolo sakhala chete. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa makolo, achibale ndi anthu ogwira ntchito yosamalira anzathu amene anabadwa kapena kukula ndi ulumali.

Kodi thandizo tikunenali ndi la anthu ati?

Lamulo la California limawerengera ulumali umene unayamba munthu asanakwanitse zaka 18, umene sukuyembekezeka kutha, ndipo ukumulepheretsa kwambiri pa zinthu monga kudzisamalira, kulankhula, kuphunzira, kuyenda kapena kukhala payekha. M'gululi muli ulumali wa nzeru, cerebral palsy, khunyu, autism, ndi mavuto ena amene amafuna chisamaliro chofanana ndi cha ulumali wa nzeru. Ana osakwana zaka zitatu amene akuchedwa kukhala, kukwawa kapena kulankhula ali ndi pulogalamu yawoyawo yotchedwa Early Start. Onse pamodzi ndi anthu opitirira 400,000.

Ndalamazo zimayenda bwanji kuti zifike kwa mwana wanga?

Nyumba ya Malamulo ku Sacramento, likulu la California, imapereka ndalama ku dipatimenti yotchedwa Department of Developmental Services, mwachidule DDS. Dipatimentiyo imagawira maofesi 21 otchedwa regional center. Maofesiwa si nthambi za boma, ndi mabungwe osapanga phindu amene ali pa kontrakiti ndi boma. Iwo ndiwo amakhala nanu pansi n'kulemba pulani ya mwana wanu, imene aliyense amangoitchula kuti IPP. Kenako amalipira mabungwe ndi makampani ang'onoang'ono amene amagwira ntchito yeniyeniyo: nyumba zogonera, malo ochezera ndi kuphunzira masana, magalimoto onyamula anthu, ophunzitsa ntchito, ndi munthu wobwera kunyumba kudzakhala ndi mwana kuti makolo apumeko, thandizo limene amalitcha respite.

Ndalama imadutsa m'manja atatu isanakufikeni, ndiye ikachepa aliyense amaloza mnzake. Koma mwini mpeni ndi Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi bwanamkubwa. Mlangizi wanu wa ku regional center salemba bajeti.

Ndinamva kuti thandizoli ndi ufulu, osati chifundo cha boma. N'zoona?

N'zoona, ndipo apa m'pamene California imasiyana ndi madera ambiri a ku America, kumene anthu amadikira pamzere kwa zaka. Maziko ake ndi lamulo la Lanterman, lotchedwa dzina la phungu Frank Lanterman, limene linakhazikitsidwa mu 1969 n'kukulitsidwa m'zaka za m'ma 1970. Mu 1985 khothi lalikulu la California, pa mlandu umene bungwe la makolo linasumira DDS, linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wolandira zimene zalembedwa mu IPP yake, ndipo dipatimenti siingangodula thandizo payokha pofuna kupulumutsa ndalama.

Chigamulocho chinasiya khomo limodzi lotsekula: dipatimenti siingachepetse ufuluwo, koma aphungu angathe posintha lamulo.

Nanga ngati ndi ufulu, amadula bwanji?

Palibe wandale amene amaimirira n'kunena kuti akuchotsa lamulo la Lanterman. Amene anayandikirapo ndi Arnold Schwarzenegger, atangolowa pampando wa bwanamkubwa kumapeto kwa 2003, pamene anafuna kuika malire pa chiwerengero cha anthu olandira thandizo. Makolo ndi anthu aulumali anadzaza pa Capitol, malo amene aphungu amakumana, ndipo pasanathe milungu yambiri iye anabweza maganizowo. Kuyambira pamenepo lamulo limasiyidwa lili chilili papepala, kudulako kumachitikira m'mbali.

Chaka cha 2009 n'chimene chimaonetsa bwino njira zake. Chuma cha dziko lonse chinali chitagwa, mu Febuluwale boma la California linali kulimbana ndi dzenje la madola opitirira 40 biliyoni, ndipo pofika Julaye linayamba kulipira anthu ena ndi zikalata zolonjeza kuti lidzawalipira mtsogolo. DDS inauzidwa kuti ichotse madola 334 miliyoni pa ndalama zochokera m'thumba la boma. Respite ya kunyumba inaikidwa malire a maola 90 pa miyezi itatu, ya kunja kwa nyumba masiku 21 pachaka. Ma regional center analetsedwa kulipirira misasa ya tchuthi, masewera ndi macheza, komanso mathandizo osakhala achipatala monga a nyimbo ndi zojambula. Ku Early Start anakweza mpanda: mwana wa miyezi 24 kapena kuposerapo anayenera kukhala wotsalira ndi theka pa mbali imodzi ya kakulidwe, kapena ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pa mbali ziwiri, kuti alandiridwe. Makanda amene anali pachiopsezo chabe, monga obadwa masiku asanakwane, anachotsedwa m'pulogalamuyo.

Njira yoopsa kwambiri ndi imene simveka phokoso, ya mitengo imene boma limalipira mabungwe osamalira anthu. Mitengo yambiri inaimitsidwa kukwera kuyambira cha mu 2003. Mu Febuluwale 2009 anaidulanso ndi 3 peresenti, mu 2010 kudulako kunafika 4.25 peresenti. Lendi, mafuta a galimoto ndi inshuwalansi zinkakwerabe. Bungwe likalephera limatseka, kapena limasowa antchito. IPP ya mwana wanu imakhalabe ndi maola ake onse, koma wobwera kudzagwira maolawo palibe. N'chimodzimodzi kumuuza munthu kuti nsima ndi yake koma ufa osamugulira.

N'chifukwa chiyani nkhwangwa imakonda kugwera kuno?

Ndalama zambiri za California zimachokera ku msonkho wa pa malipiro ndi phindu la anthu, ndipo gawo lalikulu la msonkhowo limaperekedwa ndi olemera ochepa amene chuma chawo chili m'masheya. Msika wa masheya ukatsika, thumba la boma limaphwa msanga. Boma la dera silisindikiza ndalama, ndipo malamulo amalikakamiza kuti bajeti ikhale yokwanirana.

Ndiye amayang'ana pamene angadule. Sukulu zili ndi mpanda wa Proposition 98 ya mu 1988, lamulo limene anthu anavotera okha, limene limatsimikizira gawo lawo la ndalama. Ngongole za boma ziyenera kulipidwa. Kukweza msonkho kumafuna mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse, lamulo lochokera ku Proposition 13 ya mu 1978. Zotsala zosavuta kukhudza ndi mayunivesite ndi thandizo la umoyo ndi chisamaliro cha anthu, ndipo DDS ili momwemo.

Akuti kudulaku n'kwakanthawi, chuma chikabwerera zonse zibwerera. Tiwakhulupirire?

Onani mmene zinayendera ndi zimene zinadulidwa mu 2009. Kudula mitengo ya mabungwe kunatha mu Juni 2013. Early Start inabwerera mwakale mu Januwale 2015. Malire a respite anachotsedwa pa 1 Januwale 2018. Misasa ya tchuthi, masewera ndi macheza zinabwerera pa 1 Julaye 2021, patatha zaka 12. Mwana amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene zinkaimitsidwa anali atakwanitsa zaka 18 pamene zinkabwerera.

Chuma cha California chinali chitachira kalekale zisanathe zakazi. Chimene chimachitika n'chakuti chinthu chikangochotsedwa mu bajeti, kuchibweza kumawerengedwa ngati ndalama zatsopano, ndipo chimayamba kupikisana ndi pempho la wina aliyense. N'chifukwa chake kuteteza chinthu mu Meyi n'kosavuta kusiyana ndi kuchibweza mtsogolo. Ngati mwaona kuti nkhondoyo mwaluza, musachoke chimanjamanja: limbikirani kuti m'lamulo lodulalo alembemo tsiku lenileni limene kudulako kudzathere pakokha. Kudula mitengo kuja kunali ndi tsiku lotere. Kuimitsa misasa ndi macheza kunalibe tsiku lenileni.

Nthawi yabwino yolankhula ndi iti?

Bwanamkubwa amapereka bajeti yake pofika pa 10 Januwale. Kuyambira Febuluwale kapena Marichi mpaka Meyi, makomiti ang'onoang'ono a bajeti a nyumba zonse ziwiri, Assembly ndi Senate, amamva maganizo a anthu. Pofika pa 14 Meyi bwanamkubwa amatulutsa bajeti yokonzedwanso, May Revision, atawona msonkho umene walowa mu Epulo. Aphungu ayenera kuvomereza bajeti pofika pa 15 Juni, apo ayi malipiro awo amaima, malinga ndi Proposition 25 ya mu 2010. Chaka cha zachuma chimayamba pa 1 Julaye.

Anthu ambiri amadzuka mu Juni, zinthu zitapsa kale. Ntchito yeniyeni ili mu Febuluwale ndi Marichi, pamene antchito a makomiti akulemba zokambirana ndipo aphungu ali ndi mpata womvetsera. Pakati pa 14 Meyi ndi 15 Juni zinthu zimathamanga kwambiri, ndipo foni imene imamveka ndi ya munthu amene ofesiyo ikumudziwa kale. Kumbukiraninso kuti bwanamkubwa ali ndi mphamvu yofufuta kapena kuchepetsa mzere umodzi wa ndalama posainira, choncho makalata opita ku ofesi yake asaleke pa 15 Juni.

Ndimamva za trailer bill. N'chiyani?

Bajeti imangonena kuchuluka kwa ndalama. Kusintha kwa malamulo kofunika kuti ndalamazo zikwanire kumalembedwa m'mabilu ena oyenda pambuyo pa bajeti, otchedwa trailer bill. Malire a maola 90 aja analowera m'menemo. Mabiluwa sadutsa m'makomiti onse monga bilu wamba. Dipatimenti ya zachuma, Department of Finance, imaika pa intaneti mawu amene boma likufuna, ndipo mabungwe monga The Arc of California ndi Disability Rights California amawamasulira m'chilankhulo chomveka. Werengani zimenezo musanawerenge manambala akuluakulu a m'nyuzipepala, chifukwa bajeti ya DDS ingathe kukwera chifukwa cha kuchuluka kwa anthu pamene thandizo la munthu aliyense likutsika.

Ndilankhule ndi ndani? Aphungu alipo ambiri.

Alipo 80 mu Assembly ndi 40 mu Senate, koma anu ndi awiri, ndipo awiriwo ndi amene ali ndi chifukwa chokumverani. Yambirani ku ofesi yawo ya m'dera lanu, osati ku Sacramento. Mukapatsidwa wantchito wa muofesi m'malo mwa phungu, musakhumudwe. Nthawi zambiri wantchitoyo ndiye amawerenga mapepala n'kuuza abwana ake mmene nkhani ilili. Pambuyo pa awiriwo, yang'anani amene ali m'makomiti ang'onoang'ono oona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu.

Phungu saloledwa kukhala m'Nyumbayi kupitirira zaka 12, ndiye nkhope zimasinthasintha. Amene anaona 2009 ndi maso awo anachokamo pafupifupi onse. Musaganize kuti watsopanoyo akudziwa kuti regional center n'chiyani. Muitanireni kumalo kumene mwana wanu amakhala masana. Phungu amene waona basi ikutsitsa anthu a pa njinga za olumala m'mawa, wantchito mmodzi akuthamangira anthu anayi, savutika kumvetsa mukamadzanena za kusowa kwa antchito.

Ndikapatsidwa mpata ku komiti ndikanene chiyani?

Konzekerani mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Nkhani ya DDS ikafika, mzere umayambira pa maikolofoni, kutsatira khoma mpaka kutulukira pakhonde, ena ali pa njinga, ena agwira zithunzi za ana awo, ena akuwerenga pafoni. Anthu akachuluka wapampando amangoti aliyense atchule dzina, kumene wachokera, ndi mbali imene waima. Choncho pempho lanu likhale m'mawu oyambirira.

Chitsanzo cha kalankhulidwe kake: "Ndimakhala ku Fresno. Ndikupempha kuti mukane kuchedwetsa mitengo yatsopano ya mabungwe. Mwana wanga ali ndi autism ndi khunyu. IPP yake ili ndi maola 30 pa mlungu, koma akulandira 12 chifukwa bungwe lasowa wantchito. Ndasiya ntchito kuti ndizikhala naye." Mwatchula dera, pempho, nambala imodzi, ndi chimene chawonongeka pakhomo. Kulira sikoletsedwa, koma misozi yopanda pempho lenileni imangobweretsa mawu achisoni ndi voti yomweyo.

Ngati mwini wake angathe kulankhula, ndi pakamwa, ndi kachipangizo kolankhulira kapena ndi manja, muloleni alankhule yekha. Ndipo musanaike chithunzi chake kapena za matenda ake pagulu, mufunseni.

Aphungu amati ndalama palibe. Ndiwayankhe bwanji?

Ayankheni ndi masamu awo omwe. Mathandizo ambiri a DDS amalipiridwa mogwirizana ndi boma lalikulu la ku Washington kudzera mu Medicaid, pulogalamu yolipirira chithandizo cha umoyo cha anthu opeza zochepa, imene ku California imatchedwa Medi-Cal. Pa mathandizo otere, dola imodzi ya California imakoka dola ina ya boma lalikulu. Kudula dola imodzi pamenepo n'kuchotsa madola awiri pa chisamaliro n'kupulumutsa imodzi yokha.

Chinanso, munthu amene wachotsedwa thandizo sasowa padziko. Amakapezeka ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi, m'manja mwa apolisi, kapena m'nyumba yodula kwambiri banja lake likatopa. Kholo losiya ntchito limasiyanso kupereka msonkho. Ofesi yolangiza aphungu pa zachuma, Legislative Analyst's Office, imalemba kafukufuku wa bajeti ya DDS, ndipo aphungu a zipani zonse amaikhulupirira. Mukapeza chiganizo chokuthandizani m'menemo, chinyamuleni.

Kodi sizingakhale zotchipa kusonkhanitsa anthu m'zipatala zazikulu monga kale?

Ayi. M'zaka zake zomaliza, malo akuluakulu a boma otchedwa developmental center ankadya madola opitirira 300,000 pa munthu mmodzi pachaka, kuposa kwambiri chisamaliro cha m'dera. Agnews inatsekedwa mu 2009, Lanterman ya ku Pomona mu 2014, Sonoma mu 2018. Ndiponso mu 1999, pa mlandu wa Olmstead, khothi lalikulu la America linagamula kuti kutsekera anthu aulumali m'malo otere popanda chifukwa ndi tsankho.

Nkhani ya malipiro a antchito ndi ya mabungwe. Ine kholo ikundikhudza pati?

Onaninso yankho la funso la mmene amadulira. Bungwe silingakweze mtengo lokha monga sitolo, limalandira zimene boma laika. Kuyambira Epulo 2024 ogwira ntchito m'malo akuluakulu ogulitsa zakudya zachangu ku California amalandira madola 20 pa ola kapena kuposerapo. Munthu wosambitsa, kumwetsa mankhwala ndi kugwira mwana wanu akagwa khunyu akaona kuti kokazinga tchipisi kuli ndalama zochuluka, simungamuimbe mlandu akachoka. Koma mwana wa autism amene watenga miyezi kuti azolowere nkhope imodzi ndiye amayambiranso pachiyambi.

Makolo ena amakayikira kuti ndalama zokwezedwa zimathera kwa mabwana a mabungwe. Kukayikako n'koyenera, ndipo yankho lake ndi kupempha kuti lamulo linene gawo limene liyenera kupita kwa wantchito wogwira munthu. Zinatero mu 2016, pamene mbali yaikulu ya ndalama zowonjezera inalembedwa kuti ndi ya malipiro a antchito.

Kodi zionetsero ndi makalata zinasinthapo kanthu?

Za 2003 tanena kale. Mu 2015 mgwirizano wa mabungwe wotchedwa Lanterman Coalition unapempha kuti ndalama zikwere ndi 10 peresenti. Bajeti ya chaka chimenecho inatuluka popanda zimenezo, koma bwanamkubwa wa nthawiyo, Jerry Brown, anaitanitsa mkumano wapadera wa aphungu, ndipo mu Marichi 2016 anasainira mgwirizano umene unabweretsa pafupifupi madola 300 miliyoni a boma. Lamulo lomwelo linalamula kafukufuku wa mitengo, amene mu 2019 anapeza kuti mabungwe akuperewedwa pafupifupi madola 1.8 biliyoni pachaka. Mu 2021 boma linavomera kutseka mpatawo pang'onopang'ono.

Mu Januwale 2024 bwanamkubwa Gavin Newsom, ponena kuti bajeti yaperewera ndi madola pafupifupi 38 biliyoni, anafuna kuchedwetsa gawo lomaliza la mitengo yatsopanoyo ndi chaka chathunthu, kuchokera pa Julaye 2024 kufika Julaye 2025. Makolo, antchito ndi anthu aulumali anakana mwamphamvu, ndipo anakumana pakati: mitengoyo inayamba pa 1 Januwale 2025. Nthawi zambiri kupambana kumaoneka chonchi, theka la zimene munkafuna. Chimene chinathandiza nthawi zonsezi n'chakuti makolo, mabungwe, ma regional center ndi mabungwe a antchito anapita ndi pempho limodzi. Akapita aliyense ndi lake, aphungu amasankha lotchipa n'kunena kuti amvera.

Ndalandira kalata yoti thandizo la mwana wanga lichepetsedwa. Nditani lero?

Iyi ndi nkhondo ina, yosiyana ndi ya bajeti, ndipo ili ndi masiku ake. Regional center ikafuna kuchepetsa kapena kuimitsa thandizo inu musanavomere, iyenera kukupatsani chidziwitso cholembedwa, Notice of Action, chonena chifukwa chake ndi lamulo limene yatsamira. Mukauzidwa pafoni pokha, pemphani kalatayo. Kuyambira Marichi 2023 muli ndi masiku 60 ochitira apilo, koma kuti thandizo lipitirire pamene apilo ikumvedwa, muyenera kuchita apiloyo pasanathe masiku 30 chilandirireni kalata komanso tsiku losinthira thandizolo lisanafike. Lembani tsiku limene kalata yafika, ndipo sungani envulopu yake.

Mawu akuti "bajeti yathina" paokha si chifukwa chokwanira chochotsera zimene zili mu IPP. Funsani kuti ndi ndime iti ya lamulo imene yasintha, ndiponso ngati ili ndi mpata wa anthu amene vuto lawo ndi lalikulu, chifukwa ngakhale malire a respite a mu 2009 anali ndi mpata wotere. Musasaine IPP yatsopano pa mbali imene simukugwirizana nayo. Office of Clients' Rights Advocacy, imene ili pansi pa Disability Rights California, imathandiza kwaulere anthu a regional center iliyonse.

Sindine nzika ya America, sindivota, ndipo Chingerezi changa n'chochepa. Ndingalankhule nawo?

Mungathe. Thandizo la regional center limatengera kukhala m'California, osati unzika, ndipo phungu amaimira aliyense wokhala m'dera lake. Pakhomo la komiti safunsa khadi la voti. Muli ndi ufulu wopempha womasulira pa msonkhano wa IPP ndi pa apilo, komanso wopempha kuti IPP ilembedwe m'chilankhulo chanu. Womasulira Chichewa sapezeka mosavuta, choncho pemphani kukadali nthawi, ndipo pempholo likhale lolembedwa.

Ma regional center amakakamizidwa ndi lamulo kufalitsa chaka chilichonse mmene agwiritsira ntchito ndalama potengera mtundu ndi chilankhulo cha anthu, ndiponso kuchititsa msonkhano wa anthu onse wokambirana manambalawo. Kwa zaka zambiri manambalawo aonetsa kuti mabanja osalankhula Chingerezi amalandira zochepa. Tsiku la msonkhanowo limaikidwa pa webusayiti ya regional center yanu, kapena funsani mlangizi wa mwana wanu.